Lipoti la nthumwi yathu ku msonkhano wa oyang'anira siteji

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la zisudzo,

Munandituma kukakhala nawo pa msonkhano wa oyang'anira siteji, ndipo nali lipoti langa. Zikomo pondikhulupirira. Kunali anthu a m'magulu aang'ono ngati lathuli, kunalinso ena ogwira ntchito m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo zokhala ndi nyali zambirimbiri. Nkhani zinali zochuluka, zina zosatikhudza n'komwe, choncho ndasankha zimene ndikuona kuti tingazigwire ndi manja athu. Zonsezo zikutsamira pa mfundo imodzi: sewero lisamakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Lizikhala m'buku loti mwini wake atadwala lero, wina wodziwa ntchito atha kulitsegula n'kuyendetsa sewerolo madzulo omwewo.

Bukuli amalitcha prompt book, ndipo tinatha nthawi yaitali tikulisanthula. Ndi fayilo ya mphete yoti utha kuchotsa kapena kuwonjezera masamba. Mbali imodzi kumakhala tsamba la mawu a sewero, moyang'anizana nalo kumakhala pepala loyera lokhala ndi kachithunzi ka siteji pamwamba pake. Wotsogolera sewero akauza mtengambali kuti anyamuke pa mpando apite kukhomo, woyang'anira siteji amalemba kanambala pa liwu lenileni limene mtengambaliyo wanyamukira, nambala yomweyo n'kuilembanso pa pepala loyera lija pamodzi ndi kumene walowera. Amalemba ndi pensulo basi, chifukwa zimene wotsogolera wakonda Lolemba amatha kuzikana Lachitatu. Bolopeni m'bukuli ndi mdani. Kumanja ndi kumanzere kumawerengedwa potengera mtengambali ataima n'kuyang'ana owonerera, osati potengera wokhala m'holo. Ife timasokonezana pamenepa kawirikawiri, wina akuti pita kumanja pamene akutanthauza kumanja kwake iyeyo. Tikagwirizana kamodzi, mkangano umenewu watha.

M'buku lomwelo mumalembedwa ma cue, ndiye kuti nthawi iliyonse imene chinthu chiyenera kusintha: nyali kuzima kapena kuwala, nyimbo kuyamba, lamya kulira, katani kutseka. Cue iliyonse imakhala ndi nambala yake, za nyali pazokha, za mawu pazokha, ndipo amajambula mzere kuchoka m'mphepete mwa tsamba kukafika pa liwu kapena pa chochitika chimene cue-yo iyenera kugwera. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti pakabwera cue yatsopano pakati pa 14 ndi 15, sasintha manambala onse kufikira kumapeto. Amangoitcha 14.5, onse n'kupitiriza ndi manambala amene anawazolowera kale.

Kulemba n'kosavuta. Luso lili pa kuitana ma cue sewero lili m'kati, ndipo apa anatiyeserera aliyense payekhapayekha. Kukatsala pang'ono, mwina theka la tsamba, woyang'anira amachenjeza wa nyali kuti akonzeke, amvekere standby, natchula nambala. Wa nyaliyo amayankha kuti wamva. Kuchokera pamenepo palibe woyankhula china chilichonse pa mahedifoni amene amalankhulirana nawo, ngakhale atakhala ndi nthabwala yokoma bwanji. Nthawi ikakwana woyang'anira amatchula dipatimenti, kaya ndi ya nyali kapena ya mawu, kenako nambala, n'kumalizira ndi liwu lakuti go, ndiye kuti chita. Liwulo limabwera pomaliza nthawi zonse, chifukwa chala cha wa nyali chili kale pa batani ndipo chimagwa pa liwu limenelo. Pa chifukwa chomwecho, pa mahedifoni salitchula mwachisawawa. Wofuna kulinena pocheza amatchula zilembo zake chimodzichimodzi. Tinaseka titamva zimenezi, koma pa kuyeserera kuja tinaona nyali zikuthima pakati pa chiganizo chifukwa wina analitchula pofunsa funso. Ine ndikuona kuti sitikukakamizidwa kugwiritsa ntchito mawu omwewo. Titha kusankha athu, bola akhale awiri, aafupi, ndipo asamasinthesinthe.

Chovuta kwambiri, chimene buku silingakuphunzitse, n'kuitana cue isanafike nthawi yake ndi kamphindi kakang'ono, kuti pamene chala chikudina ndi pamene nyali ikusintha zigwirizane ndi mtengambali. Mayi wina amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri anatilangiza kuti maso azikhala pa siteji, chala chokha ndicho chizitsata mzere m'buku. Woyang'anira woweramira buku amaitana molondola malinga ndi pepala, koma amaphonya tsiku limene mtengambali wachedwa kupuma kapena owonerera aseka nthawi yaitali.

Kumene mahedifoni safika amagwiritsa ntchito tinyali ta chizindikiro. Ku Britain kofiira kakayaka ndiye kuti konzeka, kobiriwira ndiye kuti chita. Ku America ambiri amagwiritsa ntchito kanyali kamodzi: kakayaka konzeka, kakazima chita. Kagawidwe ka ntchito nakonso n'kosiyana. Ku Britain amene amakhala ndi buku n'kumaitana ma cue kawirikawiri ndi wachiwiri kwa woyang'anira siteji, pamene ku America ntchitoyo imagwiridwa ndi woyang'anira wamkulu. Konseko pamakhala wothandizira kuseri kwa siteji, woyang'ana katundu, zovala ndi anthu olowa. Gulu laling'ono lingakwanitse ndi anthu awiri amenewa, wa buku ndi wa kuseri.

Chida chachiwiri pambuyo pa buku ndi tepi. Kuyeserera kusanayambe, amatenga pulani ya siteji n'kuijambula pansi ndi tepi m'chipinda choyesereramo, makoma, zitseko ndi masitepe, zonse pa muyezo wake weniweni. Mapulani ambiri a ku Britain amajambulidwa pa sikelo ya 1:25, kutanthauza kuti masentimita 4 pa pepala ndi mita imodzi pansi. Amayamba ndi mzere wapakati pa siteji ndi wina wopingasa kutsogolo, miyezo yonse n'kumachokera pa mizere iwiriyo. Phindu lake n'lakuti atengambali sazolowera kudutsa pamene padzakhale khoma. Pa siteji penipeni amaika tizidutswa ta tepi posonyeza pamene miyendo ya tebulo kapena mpando iyenera kukhala, gawo lililonse la sewero ndi mtundu wake wa tepi, kuti osuntha katundu mumdima asamaganizire. Pali tepi ina yowala mumdima ya m'mphepete mwa masitepe, ndi ina yansalu yolimba, ya gaffer, yomatira mawaya pansi. Imeneyi imang'ambika ndi manja ndipo siisiya zomata zambiri ukaimatula.

Tebulo la katundu wa m'sewero amalikuta ndi pepala, n'kuligawa tizipinda, kachipinda kalikonse kolembedwa dzina la chinthu chokhalapo: kalata, makiyi, botolo, ndodo. Ukangoponya diso umaona pamene pali mpata. Lamulo lake ndi limodzi ndipo n'louma: chimene si chako usachigwire, chako ukathana nacho chibwezere pa malo pake. Wothandizira amayendera tebuloli ndi mndandanda m'manja holo isanatsegulidwe, tsiku lililonse, ngakhale sewero litaonetsedwa kambirimbiri. Anatsindika kuti zinthu zimasowa sewero likazoloweleka, osati usiku woyamba pamene aliyense ali tcheru.

Za m'chikwama cha woyang'anira sindichedwapo: mapensulo ambiri, chofufutira, tepi yoyezera, tochi yaing'ono, lumo, mapini, singano ndi ulusi, mabatire apadera, zida za chithandizo choyamba ndi wotchi yowerengera mphindi. Zambiri mwa izi tili nazo kale, kungoti zili mbalambanda m'matumba a anthu osiyanasiyana.

Pa nkhani ya nthawi ndinamva zinthu zimene poyamba ndinaziona ngati kukhwimitsa zinthu mopyola. Ku Britain woyang'anira amachenjeza atengambali kanayi: kutatsala mphindi 35, 20, 10, kenako 5 pamene oyamba kulowa amaitanidwa kuti akaime m'malo awo. Chenjezo loyambalo amalitcha la theka la ola ngakhale ndi mphindi 35, chifukwa amawerengera kufika pa kuitana kwa oyamba kulowa kuja, osati pa kutsegula katani. Mtengambali aliyense amayankha kuti wamva, ndipo pofika amasaina yekha pa pepala la pakhomo, osasainirana. Ku America, bungwe la atengambali ndi oyang'anira siteji la Actors' Equity lili ndi lamulo lakuti poyeserera anthu apume mphindi 5 akagwira ntchito mphindi 55, kapena mphindi 10 akagwira mphindi 80. Woyang'ana wotchi ndi woyang'anira siteji, ndipo amamudula wotsogolera sewero ngakhale zinthu zitafika pokoma. Nditaganizira bwino ndinaona kuti lamuloli limateteza sewero lomwe, chifukwa munthu wotopa amaloweza zolakwika.

Wotchi yomweyo imagwira ntchito sewero lili m'kati. Amalemba nthawi imene gawo lililonse latenga, ndipo likayamba kutalika ndi mphindi zingapo kusiyana ndi masiku onse, amadziwa kuti pena pake atengambali ayamba kukoka mawu kapena kuwonjezera zawozawo. Zimenezi zimalowa mu lipoti lalifupi lolembedwa usiku womwewo. Kuyeserera kulikonse nakonso kumakhala ndi lipoti lake lopita kwa osoka zovala, a nyali ndi opanga katundu: jekete ikufunika thumba lamkati loti kalata ikwanemo, mpando ukhale wolimba chifukwa wina adzaimapo. Amalemba chimene chachitika ndi chimene chikufunika, osaloza munthu chala. Lipoti lokalipa anthu amasiya kuliwerenga.

Za chitetezo anazikamba mosaseka. Anatikumbutsa za moto wa ku Iroquois Theatre mu mzinda wa Chicago pa 30 Disembala 1903, umene unapha anthu pafupifupi 600, ambiri a iwo amayi ndi ana. Unayamba ndi nyali imene inayatsa nsalu ya pa siteji, katani yotchinga moto inakodwa osafika pansi, ndipo anthu anapeza zitseko zina zokhoma. Malamulo ambiri a zitseko zotulukira pa ngozi anakhwimitsidwa kuchokera pamenepo. Choncho woyang'anira amayendera yekha njira zonse zotulukira owonerera asanalowe, amaonetsetsa kuti ndewu iliyonse ya m'sewero yayesereredwa pang'onopang'ono tsiku lomwelo, ndipo ndiye ali ndi mphamvu zoimitsa sewero pakagwa vuto. Mawu odzauza owonerera pa nthawi yoteroyo amawalemba kale pa tsamba loyamba la buku, kuti asadzawafunefune mtima uli m'mwamba.

Panali mtsutso pa za makompyuta. Ambiri tsopano amaseweretsa nyimbo ndi mawu kudzera pa pulogalamu ya QLab, yopangidwa ndi kampani ya Figure 53, imene imayenda pa makompyuta a Mac okha. Imaika mawu onse pa mndandanda, wodina n'kumangodina batani limodzi. Achinyamata ena amasunganso buku lonse pa tabuleti. Achikulire sanakane, koma anafunsa chimene chimachitika batire ikatha pakati pa sewero. Ine ndili mbali ya pepala, makamaka poyambira pano, ndipo bukulo lizigona pa malo amodzi odziwika kwa tonse, osati kunyumba kwa woyang'anira.

Tsono pempho langa kwa komiti ndi ili. Pa sewero likubwerali tisankhe munthu mmodzi woyang'anira siteji amene sadzakhala ndi mbali iliyonse yosewera, ndi wina womuthandiza kuseri. Ndikudziwa kuti ena anena kuti anthu ndi ochepa kale, koma munthu sangaitane cue ali pa siteji akulira maliro a m'sewero. Akhalepo kuyambira tsiku loyamba lowerenga mawu, osati kubwera sabata yomaliza. Tipatulenso tsiku limodzi loyeserera ma cue okhaokha, kudumpha zokamba zonse zapakati, ndipo tsiku limenelo wothandizira ayendetseko gawo limodzi pogwiritsa ntchito buku la mnzake, tione ngati likuwerengeka.

Mfundo yovutirapo ndaisungira a wotsogolera sewero athu, ndipo ndikuinena mwaulemu. Kumene ntchitoyi inakhazikika, kuyeserera komaliza kukatha wotsogolera amapereka sewero m'manja mwa woyang'anira siteji, iye n'kukakhala pakati pa owonerera. Akaona chofunika kukonza amalemba, n'kudzanena sewero litatha. Ndikupempha kuti mfundo imeneyi iikidwe pa ndondomeko ya zokambirana za msonkhano wathu wotsatira, a wotsogolera ali pomwepo, tisanatchule dzina la amene tim'patse bukuli.

Ine nthumwi yanu.