Chilengezo: Tikumane Loweruka pa Nkhani ya Dizilo

Madalaivala anzanga, akuluakulu ndi achimwene nonse m'gulu lathu,

Loweruka likubwerali tikumana pamalo athu a nthawi zonse ku Kanengo, 9 koloko m'mawa. Nkhani ndi imodzi: kayendetsedwe kosamala mafuta. Ena akubwera kuchokera ku Beira dizilo atatsala, ena akuthera panjira, chonsecho thiraki ndi katundu n'zofanana.

Choyamba tidzakambirana za liwiro. Thiraki yodzaza ikadutsa makilomita 80 pa ola, mphepo imalimbana nayo kwambiri ndipo thanki imatsika mofulumira, pomwe nthawi yopulumutsidwa ndi yochepa. Kenako za giya: singano yosonyeza liwiro la injini izikhala pobiriwira paja, osati injini kumangokuwa ngati yakwiya.

Koma pomwe tikutaya kwambiri ndi pamizere ya pa boda, ku Mwanza, Dedza ndi Songwe. Injini yongolira galimoto itaima imamwa malita awiri kapena atatu pa ola. Werengani nokha usiku wonse. Zimitsani, fundani bulangeti.

Chinanso, ndipo apa ndikunenetsa: potsika Chiweta musachotse giya poganiza kuti mukusunga mafuta. Mukasiya kuponda moto giya ili momwemo, injini za masiku ano zimadula dizilo zokha, komanso zimathandiza mabuleki kuti asapse.

Tidzayezanso mpweya wa matayala ndi kuona mamangidwe a tenti, chifukwa yopepeluka imakoka mphepo. Bwerani ndi kabuku kanu ka mafuta ka maulendo atatu apitawa. Amene muli paulendo, uzani mlembi lisanafike Lachisanu.

Wapampando