Mngelezi wa njinga amene sataya timu ya kwawo

Bambo Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Mbare, kuno ku Harare, kumene ndimakonza njinga zakapalasa pafupi ndi msika waukulu. Malemu bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya kudzafuna ntchito, ndipo anatchona. Ife tinabadwira konkuno. Panja timalankhula Chishona, koma m'nyumba, kutchalitchi ndi pamaliro Chichewa ndiye chathu. Nyuzipepala yanu ndimaiwerenga pa foni ndipo ndimaikonda. Dandaulo langa lili pa tsamba la masewero. Sabata ndi sabata ndi Arsenal, Liverpool, Chelsea ndi matimu awiri a ku Manchester aja, mpaka anyamata athu, kuno ndi kumudzi komwe, afika poganiza kuti mpira wa ku England ndi matimu asanuwo basi, ndi kuti Mngelezi aliyense amangosankhapo imodzi. Si choncho ayi. Ndili ndi kasitomala wochokera kumeneko, ndipo ndikufuna owerenga anzanga amve mmene munthu wamba wa ku England amakhalira ndi mpira ndi njinga yake.

Ndi bambo wachikulire ndithu, imvi zayamba, ndipo anabwera kuno pa ntchito ya bungwe lina. Tinadziwana chifukwa cha dzenje la mumsewu wa Seke. Tayala lakumbuyo linalowamo, masipoko anaduka, limu inapindika, ndipo mlonda wa kuntchito kwawo, amene ndi mnzathu wa ku Ntcheu, ndiye anawalondolera kwa ine. Njinga yawo ndi ya mpikisano, yopepuka moti mumainyamula ndi dzanja limodzi. Matayala ake ndi oonda, pakamwa pa chubu mpakang'ono kotero kuti pampu yanga sinkagwira, anachita kutulutsa yawo m'kachikwama ka pansi pa chishalo. Kuwongola limu yotere kumafuna kuleza mtima. Mumamanga sipoko imodzi pang'ono, kumasula ya mbali inayo, kuzunguza tayala uku diso lili pamene likukhudza buleki, kenako kubwerezanso. Iwo sanandifulumizitse. Anakhala pa kreti n'kumaonerera, ndipo ndinaona kuti ntchitoyi akuidziwa, chida chokha ndicho analibe.

Pa kachikwama kaja panali chizindikiro chamtundu wa buluu wotuwira. Mnyamata amene amandithandiza, wa Manchester United wamagazi, anawafunsa kuti, “Bambo, kodi ndinu a Man City?” Iwo anapukusa mutu. “Iyayi, mwana wanga, ndine wa Coventry City. Ndinabadwira komweko.” Mnyamatayo dzinali anali asanalimvepo. Ine ndinalidziwa pompo, monga munthu aliyense wa msinkhu wanga muno mu Zimbabwe, chifukwa ndi kumene Peter Ndlovu anapita mu 1991 kuchokera ku Highlanders ya ku Bulawayo. Nditatchula dzina la Peter nkhope yawo inawala. Anayamba kufotokoza za zigoli zitatu zimene anamwetsa Liverpool pa Anfield mu 1995, akuonetsa ndi manja mmene ankathamangira ndi mpira. Kuyambira tsiku limenelo njinga yawo saipititsanso kwina.

Moyo wawo wa kwawo, monga amandifotokozera, ulibe zodabwitsa. M'mawa amapalasa kupita kuntchito, kaya kukugwa mvula kaya kukuzizira, zovala zosinthira zili m'chikwama kumsana. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale kumayamba kuda cha m'ma 4 koloko masana, ndiye nyali yakutsogolo ndi yofiira yakumbuyo sizichoka pa njinga. Loweruka ndi la mpira. Amagula tikiti ya chaka chonse, mpando womwewo, pafupi ndi anthu omwewo amene akhala nawo kuyambira kale, ena mpaka anaikirana maliro a makolo. Lamulungu m'mamawa amakumana ndi anzawo a kalabu ya njinga, aphunzitsi, okonza mapaipi, opuma pa ntchito, n'kupalasa limodzi m'timisewu ta kumidzi, kuima penapake kumwa tiyi ndi keke, n'kubwerera nthawi ya nkhomaliro. Palibe amene amawalipira. Madzulo ake amatsuka tcheni n'kuthira mafuta.

China chimene owerenga ambiri sachidziwa ndi ichi: masewero oyamba 3 koloko masana Loweruka saonetsedwa pa kanema ku England komweko. Analetsa dala, kuti anthu asasiye kupita kumabwalo a matimu ang'onoang'ono. Ife kuno timawaonera onse pa SuperSport, kutanthauza kuti mnyamata wa ku Mufakose kuno ku Harare kapena wa ku Ndirande amaona mpira wa Premier League wambiri kuposa mwini dziko. Ndikaganiza zimenezi mtima umandipweteka. Eni mpirawo anaona ngozi ya kanema n'kutchinjiriza mabwalo awo, ife tinangotsekula chitseko.

Ndipo musaganize kuti timu yawoyi yawapatsa chimwemwe chochuluka. Chikho chachikulu ndi chimodzi, FA Cup ya 1987, pamene anagonjetsa Tottenham 3-2 pa Wembley, iwo ali mnyamata. Mu 2001 timuyi inatuluka mu ligi yaikulu itakhalamo zaka 34. Mu 2005 inasiya bwalo lake lakale la Highfield Road, ndipo pambuyo pake panabuka mkangano wa lendi ya bwalo latsopano, mpaka mu 2013 inakasewerera masewero a pakhomo ku Northampton, mzinda wina, mtunda wopitirira makilomita 50. Masapota ambiri anakana kulowa m'bwalolo. Ena, kuphatikizapo kasitomala wangayu, ankapita ndithu koma n'kukaima pa kaphiri koyang'anizana ndi bwalo, kumaonera kachigawo kamene kankaoneka, kuti eni timu asadye ndalama zawo koma anyamata adziwe kuti sanatayidwe. Amati masiku ena ankapita pa njinga, kuima pamphepo maola awiri, n'kupalasanso kubwerera. Mu 2017 timuyi inagwera mu ligi yachinayi. Mu 2019 inasamukanso kukabwereka bwalo ku Birmingham. Ndinawafunsa ngati pa zaka zonsezo sanaganizepo zosamukira ku Liverpool. Anandiyang'ana modabwa, funsolo silinawalowe n'komwe. Akulu akale anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo bamboyu mwambiwu sanaumvepo koma ndi mmene amakhalira.

Mu Meyi 2023 Coventry inafika pa masewero otsiriza olimbirana malo mu Premier League, kukumana ndi Luton Town pa Wembley. Tinawaitana kuti adzaonere nafe ku Mbare. Panali povuta, chifukwa Luton inali ndi Marvelous Nakamba, mwana wa ku Hwange muno mu Zimbabwe, ndipo chipinda chonse chinali kumbuyo kwake. Masewero anathera 1-1, pa mapenate Luton inapambana 6-5. Anthu anadumpha, mipando inagwa, mowa unatayika. Iwo anakhala phee kwa kanthawi, manja ali pamutu. Kenako anaimirira n'kugwira chanza aliyense amene anali pafupi, akuti Nakamba wasewera bwino. M'mawa mwake, Lamulungu, anapalasa kupita ku Domboshava monga mwa masiku onse.

Za njinga nazo ndili ndi mawu. Ndi iwo amene anandiuza kuti njinga imene tonse timaidziwayi, ya matayala awiri ofanana ndi tcheni chokoka lakumbuyo, inatchuka kuchokera kwawo ku Coventry, pamene John Kemp Starley anapanga yotchedwa Rover mu 1885. Zinandikumbutsa makolo athu. Munthu akamabwerera ku Nyasaland kuchokera ku Salisbury (Harare wa lero) kapena ku migodi, Humber kapena Raleigh yonyezimira ndiyo inkasonyeza kuti sanapite pachabe, pamodzi ndi makina osokera. Bambo anga ankapukuta yawo Loweruka lililonse, belu ndi malimu mpaka kung'anima. Lero mnyamata akapeza tindalama amathamangira kagalimoto ka Honda Fit, ndipo akakuona ukupalasa amati zakuvuta. Oyendetsa makombi (maminibasi) ndi amushikashika (timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo) amatikankhira kunja kwa msewu ngati sitilipo. Timisewu ta njinga timene tinamangidwa kale m'mbali mwa misewu ina ya mumzinda uno tinakumbika, pena pamera udzu, pena paimikidwa magalimoto.

Sindikunena kuti Mngeleziyu ndi ife n'chimodzimodzi. Njinga yake mtengo wake umaposa katundu yense wa pamalo anga. Iye amapalasa atakhuta, pofuna kulimbitsa thupi ndi kupumitsa mutu, pamene bambo amene amanyamula makreti a tomato pa kaliyala kuchokera ku Mbare Musika, kapena wakabaza wa ku Salima, amapalasa kuti ana adye. Kusiyanako ndikukudziwa bwino, ndimakuona tsiku ndi tsiku pa matayala amene anthu amabweretsa, ena omatidwa mpaka posowa pomata. Koma munthu amene angathe kugula galimoto iliyonse akamasankha njinga popanda manyazi, ndiye kuti manyazi athuwa tinachita kuwaphunzira, ndipo amene amavulala nawo ndi wosauka, chifukwa msewu sukonzedwera munthu amene anthu amamunyoza.

Chimodzimodzi ndi mpira. Peter Ndlovu asanafike ku Coventry anthu ankalipira pachipata kukamuona pa bwalo la Barbourfields ku Bulawayo. Benjani Mwaruwari, amene magazi ake ndi a ku Malawi, anayambira m'mabwalo a konkuno asanakagoletse Manchester United pa Old Trafford mu 2008 atavala jezi ya Manchester City. Dynamos ya kuno ku Mbare inafika pa ndime yotsiriza ya chikho cha makalabu a mu Africa mu 1998. Tikasiya kupita ku bwalo la Rufaro kuno ku Mbare, ku Kamuzu Stadium kapena ku bwalo la kusukulu ya kumudzi, ndalama zolerera ana otere zichokera kuti? Anyamata amene ndimakhala nawo amadziwa dzina la wosewera aliyense wa pa benchi ya Chelsea, koma ambiri a iwo n'chifukwa cha kubetcha pa foni. Timu ikawadyetsa ndalama amaitukwana, sabata yamawa ali ndi ina. Kasitomala wangayu, mlendo, wapitako ku Rufaro ndi ine kukaonera Dynamos, analipira pachipata n'kukhala padzuwa pamodzi ndi anthu, pamene mnyamata wanga uja anatsala pa kanema.

Pempho langa, Bambo Mkonzi, si loti musiye kulemba za ku England. Ifenso timazikonda. Koma mukamalemba, nthawi zina tiuzeni za matimu a m'munsi ndi anthu amene amawatsatira, kuti ana athu adziwe kuti kumenekonso kuli anthu amene timu yawo imagonja koma amapitabe. Ndipo gawani tsambalo. Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers muziwapatsa malo oyamba, ndi matimu a m'maligi a m'zigawo omwe, ngakhale zotsatira zokha. Kukachitika mpikisano wa njinga tumizaniko mtolankhani, alembe mayina a opambana ndi njinga zimene anakwera. Ife a kunja kuno timadalira inu. Ine nkhani za Dedza Dynamos, timu ya kwawo kwa bambo anga, ndimachita kufunsa achibale pa WhatsApp, ndipo nawonso nthawi zambiri amandiyankha patapita masiku.

Ndine wanu,
Wokonza njinga
Mbare, Harare