Sikuti kupweteka kwa m'mimba kulikonse ndi ma alusa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanuli chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha. Ine ndi mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala pa msika, ndipo m'mimba mwanga mwakhala mukupweteka kuyambira dzinja la 2023. Ululu wake umakhala apa pomwe nthiti zimakumana, umayamba ngati moto kenako ngati munthu akukufinya ndi dzanja, makamaka usiku cha m'ma 2 koloko m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Ndimadzuka nkukhala pa mkeka nditakumbatira pilo, ana ali mtulo, kudikira kuti kuche.

Ulendo woyamba pa chipatala chaching'ono cha kwathu anangondifunsa kuti pakupweteka pati, ndinaloza, basi akuti amenewo ndi ma alusa mayi, nkundipatsa magineziyamu wotafuna uja ndi omeprazole. Zinaleka milungu iwiri kenako zinayambiranso. Ulendo wachiwiri ma alusa, wachitatu ma alusa, buku langa la kuchipatala mutalitsegula mupeza mawu amodzimodzi tsamba ndi tsamba, chosintha ndi deti basi. Chimene anandiyezapo ndi malungo okha. Sindikuwanyoza anthu aja ayi, mzere umafika mpaka panja ndipo woona odwala amakhala mmodzi, koma mawu oti ma alusawa afika pongotitseka nawo pakamwa kuti tizipita wina alowe.

Ndiye kunyumba nako aliyense ndi dokotala. Apongozi anati mwanawe unadyetsedwa, anandiperekeza kwa sing'anga amene anandimwetsa zosanzitsa mpaka ndinalephera kuyenda ndekha pobwerera, ndalama yomwe ndinasungira nsalu ya kasitomala inathera komweko. Ena siya tsabola, siya tomato, siya zokazinga, uzimwa mkaka, ndinamvera zonsezo mpaka ndinatsala ndi nsima ya therere, olo botolo la zitsamba la mu minibasi lija ndinagula. Chimene chimawawa kuposa ululuwo ndi pamene anthu ayamba kukuyang'ana ngati ukunamizira, poti kunjaku ukuoneka bwinobwino ndipo ukupalasa makina.

Zinthu zinasintha nditakumana ndi dokotala wina pa chipatala cha boma lathu amene anawerenga buku langa lonse kuyambira koyamba. Funso lake loyamba linali loti kodi mayi mumamwa mankhwala anji msana ukamapweteka. Ine ndinati Brufen, pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina osadya kanthu. Anagwira mutu. Anati Brufen, diclofenac, indocid ndi aspirin zimakanda m'mimba ndipo zimatha kuyambitsa zilonda zenizenizo, ndiye ine ndimazimitsa moto m'mawa nkumaukolezanso madzulo. Zaka ziwiri palibe anandifunsapo zimenezi, ndipo mapilitsi amenewa timangogula pa golosale ngati maswiti.

Anandiuzanso za kachilombo kotchedwa H. pylori kamene kamakhala m'mimba ndipo ndi kamene kamayambitsa zilonda zambiri. Mwana wanga wa ku sekondale anandiwerengera pa foni kuti anakatulukira ndi madokotala awiri a ku Perth, Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, mu 1982, ndipo anthu atakana kuwakhulupirira Marshall anachita kumwa tizilomboto yekha kuti adwale aone, mpaka anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2005. Ndiye taonani, nkhani yodziwika zaka zoposa 40 koma ife kuno tikungotafuna magineziyamu. Omeprazole yekha sakapha kachilomboka, amangochepetsa asidi, pamafunika ma antibayotiki awiri pamodzi ndi omeprazoleyo kwa masiku 14 osadumphitsa. Amakayeza mu chimbudzi, koma uyenera kusiya omeprazole milungu iwiri usanayezetse apo ayi zotsatira zimatha kunama kuti ulibe. Milungu iwiri imeneyo ndinavutika kwambiri.

Dokotala uja anatchulanso zina zomwe zimabisala kumbuyo kwa mawu oti ma alusa, likodzo la m'matumbo kwa ife amene tinakulira m'madambo a mpunga, timiyala ta mu ndulu, TB ya m'mimba, mavuto a chiberekero. Ndipo anatsindika kuti ukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, kuwonda osadziwa chifukwa, magazi kuchepa kapena nsima kukakamira pa khosi pomeza, usadikirenso, chifukwa Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse ndipo ambiri amafika mochedwa.

Ine H. pylori anandipeza naye, ku labu yolipira, ndinamwa mankhwala masiku onse 14 ngakhale mkamwa munkawawa ngati ndatafuna chitsulo. Moto uja unazima ndithu, Brufen ndinasiya. Koma kufinya kuja kulipobe ndipo masiketi anga ndabweza kawiri. Sikani sinaonetse kanthu, likodzo mulibe. Pano andilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu kuti akalowetse kamera kudzera pakamwa aone mkati.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi loti kuyeza H. pylori kuzipezeka m'zipatala za m'maboma kwaulere, chifukwa mayi wogulitsa masamba sangakwanitse labu yolipira, komanso munthu akabwera kachitatu ndi vuto lomwelo azitumizidwa patsogolo m'malo momulembera zomwe zija. Kwa anzanga odwala, musataye buku lanu kapena kugula latsopano ulendo uliwonse, ndi lomwe linandipulumutsa ine, ndipo muzinena mankhwala onse amene mukumwa, a pa golosale ndi azitsamba omwe, osachita manyazi.

Deti yanga ya kamera ndi mwezi wamawa. Andiuza kuti ndisadye chilichonse kuyambira usiku wake ndipo ndipite ndi wondiperekeza, ndiye mng'ono wanga wavomera, pano tikusonkha ya thiransipoti ya anthu awiri. Mantha ndili nawo, sindikubisa, koma ndikufuna ndilidziwe dzina la chimene chikundidya m'mimbamu.

Ine wanu,
Mayi wosoka, Nkhotakota