Pempho la thandizo: masefa a madzi a pasukulu yathu

Kwa makolo, mafumu, amene munaphunzirapo pasukulu ino ndi onse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya sukulu pamodzi ndi a komiti ya madzi tikupempha thandizo lanu kuti tiike masefa ochotsa mchenga ndi matope m'madzi amene ana akumwa. Madzi athu amachokera pa mjigo wa pampu ya sola, amakwera mu thanki ya malita 5,000 yomwe ili pa nsanja ya mamita 6, kenako amatsikira ku mipopi inayi ndi kukhitchini yophikira phala. Mvula ikangoyamba amabwera ofiirira. Mchenga ukudya timalabala ta m'mipopi moti imangodontha usiku wonse, ndipo pansi pa thanki pamadzaza thope.

Amene mukufuna kugula nokha zipangizo, chonde yambani mwawerenga zili m'munsizi. Sefa yolakwika imaphetsa ndalama, madzi n'kusiyanso kutuluka.

Kukula kwa mabowo a sefa kumayezedwa mu ma micron (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), ndipo nambalayo imalembedwa pa katiriji, chosefera chimene chimalowetsedwa m'kati mwa chigubu cha sefa. Nambalayo ikachepa, mabowonso amakhala aang'ono. Mchenga umayambira pa ma micron 60 kupita m'mwamba, matope osalala ali pakati pa 2 ndi 60, pomwe dongo lenileni silifika pa 2. Ambiri amathamangira ya ma micron 5 poganiza kuti ndiyo yamphamvu. Koma mukaiika yokha pa madzi a mchenga, imatsekeka masiku ochepa, ndipo yambiri ya mtundu umenewu sichapika, imangotayidwa. Vuto lina ndi mphamvu ya madzi, imene imayezedwa mu ma bar. Mamita 10 a nsanja amapereka bar imodzi, ndiye yathu ya mamita 6 ikupereka 0.6 basi. Kasefa kakang'ono ka mainchesi 10, kaja kamaikidwa pansi pa sinki m'nyumba za m'tauni, kangadye mphamvu yonseyo, ana n'kumaima pamzere nthawi ya buleki yonse chidebe osadzaza.

N'chifukwa chake tasankha kusefa pang'onopang'ono, kuyambira zinyalala zikuluzikulu.

Yoyamba ikhale pa paipi yochokera ku mjigo, madzi asanalowe mu thanki. Tikufuna sefa ya madisiki ya 120 mesh, yomwe ndi ma micron pafupifupi 130, ya paipi ya inchi imodzi ndi theka. Ndi yomweyi imene alimi a mthirira wa madontho amagwiritsa ntchito, choncho sivuta kupeza. Ikadzaza mumamasula, kutsuka madisiki m'ndowa ndi burashi, n'kubwezeretsa. Apa sitiikapo sefa ya mabowo aang'ono, chifukwa ikatsekeka pampu imakankha pachabe mpaka kuwonongeka.

Thankiyo nayo ndi sefa, bola itakonzedwa bwino. Paipi yotulutsa madzi iyenera kukwezedwa masentimita 15 kuchokera pansi kuti thope lizikhazikika osalowa m'mapaipi, ndipo pansi penipeni paikidwe valavu yotayira thopelo sabata iliyonse.

Madzi akatuluka mu thanki adutse m'zigubu ziwiri zikuluzikulu za mainchesi 20 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, zimene ogulitsa amazitchula kuti Big Blue. M'choyamba mukhale katiriji ya mapindemapinde ya ma micron 50, m'chachiwiri ya 20. Ya mapinde imadutsa madzi ambiri mosavuta ndipo imachapika kangapo isanathe. Ya ma micron 5 tiika pa paipi ya mpopi umodzi wokha wa madzi akumwa, poti pamenepo madzi amakhala atayera kale. Zigubu zikhale zosaonekera mkati. Zoonekera zimakongola m'sitolo, koma dzuwa likamaziomba zimamera ndere, pulasitikiyo n'kuyamba kung'aluka.

Pali tinthu tating'ono timene anthu amaiwala, koma popanda ito masefa amasanduka chokongoletsa: mageji awiri owerenga mpaka bar imodzi kapena ziwiri, ina madzi asanalowe m'zigubu ndi ina atatuluka, kuti kusiyana kwake kuzitiuza nthawi yotsuka, mavalavu atatu ndi paipi yolambalala kuti sukulu isasowe madzi pamene tikutsuka, sipanala yomasulira zigubu, malabala apadera a pakamwa pa chigubu ndi girizi wa silikoni. Mafuta odzola kapena girizi wa njinga amafufumitsa labala, chigubu n'kuyamba kuchucha. Tikufunanso makatiriji anayi a mtundu uliwonse oti tisunge, ndi njerwa, simenti ndi chitseko cha loko zomangira kanyumba kotchinga dzuwa ndi akuba.

Tinene mosabisa kuti masefa amenewa sapha tizilombo. Kachilombo ka kolera kamadutsa pa ma micron 5 mosavutikira, ndipo tonse tikukumbukira mmene matendawa anavutira m'dziko muno mu 2022 ndi 2023. Ntchito ya sefa ndi kuyeretsa madzi kuti kulorini agwire bwino, pakuti m'madzi a matope mankhwala amathera pa matopewo. Bungwe la WHO limalangiza kuti kuda kwa madzi oti athiridwe kulorini kusapitirire 5 NTU, ndipo kulorini wotsala m'madzi pa mpopi akhale pakati pa 0.2 ndi 0.5 mg pa lita. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lino ndi amene azititsogolera pa kathiridwe kake. Sefa sichotsanso mchere, ngakhale chitsulo chosungunuka chija chimapangitsa madzi otungidwa oyera kufiira akagona mu ndowa.

Choncho tisanagule kanthu, tikufuna ndalama yotumizira madzi ku labotale ya boma kuti ayezedwe, komanso mmisiri wa mijigo woti azule pampu n'kuona kuya kwake. Nthawi zambiri mjigo umalavula mchenga chifukwa pampu inatsitsidwa pafupi kwambiri ndi pansi, kapena paipi ya timabowo ya m'kati inang'ambika. Ngati vuto lili pamenepo, kukweza pampu mamita awiri kapena atatu kungachepetse mchenga kuposa sefa iliyonse.

Makolo alonjeza kale mchenga, miyala ndi manja awo pa ntchito yomanga. Thandizo la ndalama, zipangizo kapena luso la upulambala liperekedwe kudzera kwa mphunzitsi wamkulu kapena msungichuma wa komiti, ndipo aliyense alandire lisiti. Ndalama zonse zolowa ndi zotuluka tidzaziwerenga pa msonkhano wa makolo ndi kuzimata pa bolodi ya sukulu. Tikufuna ntchitoyi ithe mvula yoyamba isanagwe.

Ndife anu,
Komiti ya Sukulu ndi Komiti ya Madzi