Kwa mphwanga: galu amene anabisala m'nyimbo ya Vivaldi

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Amayi ako andiuza kuti wakonda nyimbo ya mavayolini imene ili m'foni yawo. Tsono ndikuuze zimene zinabisala m'menemo.

Ku Italy chisanu chimavuta. Mitengo yambiri imayoyola masamba onse, mbalame zina zimathawira kumayiko otentha, ndipo dzuwa limalowa msanga. Kuyambira Malichi mpaka Meyi kunja kumayamba kufunda, mitengo imaphukira, mbalame zija n'kubwerera. Nyengo imeneyi ndi imene Antonio Vivaldi, wansembe wa tsitsi lofiira wa mumzinda wa Venice, anaiika m'nyimbo wakondayo, yotchedwa La primavera. Inasindikizidwa mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands mu 1725, pamodzi ndi ndakatulo ya mizere 14. Mizereyo anailembanso pamapepala a oimba, kuti aliyense adziwe pamene akuimba ngati mbalame ndi pamene akuimba ngati bingu.

Vayolini ndi m'bale wake wa kaligo, kungoti ili ndi zingwe zinayi. Nyimbo yonse imatenga mphindi ngati 10 ndipo ili ndi magawo atatu.

Gawo loyamba limayamba ndi kanyimbo kachimwemwe, koimbidwa mokweza kenako n'kubwerezedwa motsitsa. Kagwire bwino kameneka, chifukwa kamabwera mobwerezabwereza, ndipo kakangotha pamatulukira chinthu chatsopano. Choyamba ndi mbalame. Oimba atatu okha ndiwo amatsala, aliyense akugunditsa chala chake pachingwe mofulumira kwambiri, mawu n'kumanjenjemera m'mwambamwamba. Kenako pamabwera mtsinje, mavayolini akuyenda chamunsimunsi ngati madzi a pamiyala. Ukamva onse akukwecha mauta mwamphamvu pa mawu amodzi otsika, dziwa kuti bingu lafika, ndipo mawu othamangira m'mwamba aja ndi mphezi. Usaope, mvulayo sichedwa kukata. Mbalame zimayambanso kulira, koma monyengerera.

Gawo lachiwiri ndiye lokoma koposa, ngakhale ambiri amangolidumpha poti ndi lapang'onopang'ono. Mbusa wa mbuzi wagona pamaudzu a maluwa. Vayolini imodzi imaimba tulo take, ena akuimba masamba ogwedezeka ndi kamphepo. Pambali pa mbusayo pali galu wake. Galuyu amaimbidwa ndi viola, yomwe ndi yokulirapo kuposa vayolini ndipo mawu ake ndi onenepa. Amauwa kawiri, "wu-wu", n'kupuma, n'kuuwanso, osaleka mpaka gawo litatha. Vivaldi analemba kuti aziimba mwamphamvu ndi mokhadzula. Oimba ena amachita manyazi n'kumufewetsa galuyo kuti nyimbo isaoneke yaphokoso. Kwa ine kumeneko n'kulakwitsa, galu wolondera mbuye wake sanong'ona.

Ngati sukumumva, mwina vuto ndi foni. Sipika yake ndi yaing'ono, ndiye mawu otsika amasowa, n'kutsala osongoka okhaokha. Upemphe amayi akubwereke zomvetsera za m'makutu, uchepetse mawu pang'ono kuti makutu asapweteke, utsinzine, uziwerenga pang'onopang'ono: wani, thu, fili. Galuyo amauwa kuchiyambi kwa kuwerenga kulikonse.

Gawo lachitatu ndi gule wa abusa. Tchera khutu pansi pa nyimboyo: pali mawu aatali osasuntha, ongolira "mmm". Akutsanzira chitoliro cha abusa a ku Italy chokhala ndi thumba la chikopa, chimene chimalira osapumira. Apa vina momwe ungathere.

Chinanso, ukadzaonera oimba akuimba pamaso pa anthu, usadzaombe m'manja gawo loyamba likangotha. Amakhala chete kamphindi kukonzekera lachiwiri, ndipo anthu amadikira mpaka magawo onse atatu athe.

Utenge pepala, ulipinde patatu, ujambule chithunzi chimodzi pa gawo lililonse uku ukumvetsera. Ukamaliza upatse amayi ako anditumizire pa WhatsApp, ndione ngati galuyo wamupeza. Uwapatsenso moni onse pakhomopo.

Ndine,
Amalume ako