Chilengezo: tikumane Loweruka kukumbukira a kochi athu

Makolo ndi osewera nonse a timu yathu ya hockey ya ana, mwaswera bwanji. Ambirinu mwamva kale kuti a kochi athu anatisiya. Ndiye takambirana ndi banja lawo ndipo mayi avomera kuti Loweruka likubwerali tikumane pa galaundi nthawi yomwe ija ya training, tiwakumbukire limodzi.

Bambo aja ana amawadziwa kuwagwira kwake abale. Mwana akamenya mpira ndi kumbuyo kwa ndodo samakalipa ayi, amangoimitsa gemu n'kumuonetsa kuti mbali yafulati yokha ndi yomwe imaloledwa, kenako n'kumukumbutsa kuti ukamenyera kunja kwa D, dera lija lojambulidwa kutsogolo kwa golo, chigolicho sichiwerengedwa. Penalty corner, mpira uja timu imapatsidwa timu inayo ikalakwitsa mkati mwa D, ndiye amachita kubwereza mpaka ife makolo kutopa n'kudikira, koma akangomaliza training, ulendo wa kunyumba samachedwa, amati ana awo nawonso akudikira bambo.

Tidzayamba ndi mphindi imodzi ya chete kenako ana adzasewera kagemu kakafupi, ma quarter awiri basi osati anayi. Aliyense abwere ndi ndodo, ma shin guard ndi jezi. Amene muli ndi zithunzi zawo chonde tumizani pofika Lachinayi, tikufuna tiziike pamodzi tipereke ku banja.