Tiphunzitse madokotala ambiri a opareshoni ya ana

Akonzi,

Ndiloleni ndithokoze ntchito ya Pulofesa Eric Borgstein, dokotala wa opareshoni ya ana pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Bamboyu wakhala zaka zambiri m'fiyeta, kwinaku akuphunzitsa ku College of Medicine, sukulu yomwe idatsegulidwa mu 1991 ndipo lero ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Adathandizanso kuti Mercy James Centre, chipatala cha opareshoni ya ana, itsegulidwe mu 2017.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti sadaumire luso lake. Kusoka khanda lobadwa matumbo ali panja, kapena lopanda njira ya chimbudzi, si ntchito yophunzirira m'buku. Wophunzira amaima pambali pa katswiri zaka ndithu, kuonetsetsa mmene zala zikugwirira singano pakathupi kosakwana makilogalamu atatu.

Nanga kuno kuchigawo chapakati? Makanda a ku Mchinji, Dowa, Kasungu ndi Salima amathamangitsidwira ku Kamuzu Central, ena atafooka kale panjira. Akuluakulu a ku Capital Hill, lipirirani achinyamata maphunziro a COSECSA, bungwe lophunzitsa madokotala a opareshoni m'chigawo chino cha Africa, ndipo akamaliza musafulumire kuwakhazika m'maofesi. Apatseni fiyeta, zipangizo, anamwino ndi ophunzira awoawo.

Kholo lokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe